Masamba awiri a kwathu

LOLEMBA

Mmawa. Mphepo ya Ogasiti yayamba ukali wake. Fumbi la ku dampu, mulu wa zotaya za mgodi wa asibesito, lili pa zenera, pa mbale, m'mano momwe. Ndakhala pakhonde. Foni ya mpongozi wanga ili pa mpando wakewake ngati mlendo. Tikudikira mawu ochokera ku Zomba.

Lero ndi tsiku loyamba la maphunziro a mdzukulu wanga Tariro. Tariro ndi dzina lomwe adamupatsa amake, ine ndimati Nambewe. Amaphunzitsa pulayimale konkuno ku Zvishavane. Amutumiza ku Malawi mwezi wathunthu kuti akaphunzire kalembedwe ka Chichewa pamodzi ndi aphunzitsi a kumeneko, a ku Chipata ndi a ku Tete. Adamusankha ataona dzina loti Mbewe pa pepala. Akadayamba amumva akuyankhula, bwenzi atasankha wina.

Mwezi wathunthu kuphunzira kulemba! Ine pakhomo la sukulu sindidapondepo. Zilembo ndidazitola pa matumba a asibesito ndi m'buku la mabalane, kalaliki wa pa geti, iye akamadya. Koma makalata a komponi yonse ya Makwasha ndinkalemba ndine, zaka makumi atatu, ndipo palibe imodzi idabwerera kuti siikumveka.

Masana. Foni yalira. Mawu ojambula, mphindi zinayi. Mwana akuti mawu atsekeka ndi chimfine. Chimfine ndimachidziwa ine. Icho si chimfine.

Zachitika motere. M'kalasi muli aphunzitsi ambiri, mazenera aakulu, aliyense wapatsidwa kope ndi cholembera ngati mwana wa giredi wani. Wowaphunzitsa ndi mayi wa magalasi. Wati aliyense aimirire, atchule dzina, mudzi, mfumu ndi boma. Anzake akungoti kwa uje, kwa uje, Mchinji. Kwa uje, kwa uje, Thyolo. Ngati nyimbo. Kufika pa wanga: "Ndinobva... ndimachokera ku Zvishavane." Kalasi yonse kufa ndi phwete. Wina akuti, "Ayi mayi, tikufunsa kwanu kwenikweni." Wina kumbuyo, "Asiyeni, ndi ana a matchona awa."

Matchona! Kuno amatitcha mabwidi, anthu opanda kwawo. Kumeneko matchona, anthu oiwala kwawo. Ndiye tikaime pati, pa mlatho wa ku Tete?

Atatha maina, mayi uja wati alembe mphindi khumi osanyamula cholembera, chilichonse chobwera m'mutu. Wanga walemba, walemba, poyang'ana pansi theka lonse ndi Chishona. Waphimba ndi chigongono. Nthawi ya tiyi waima yekha pa zenera ndi mandasi ake.

Ntchito awapatsa: masamba awiri, mutu wake "Kwathu". Aliyense adzawerenga pamaso pa anzake Loweruka mmawa. Nambewe akuti, "Sekuru, ini ndichangonyora zveMakwasha, ndiko kwandinoziva." Ati alemba za Makwasha poti ndiko akudziwa. Aikona! Makwasha ndi kuntchito. Munthu ngakhale agone pa ntchito zaka sikisite, pamenepo si kwawo. Kwathu ndi kwa Chidyaudzu, ku Dedza, ndipo Loweruka mwana wa mwana wanga adzaimirira n'kunena zimenezo mpaka uja wa kumbuyo adzameze malovu.

Dongosolo:
1. Masamba awiriwo ndilemba ndine.
2. Mpongozi awajambula pa foni n'kutumiza.
3. Nambewe akopera ndi dzanja lake.
4. Asasinthe ngakhale liwu limodzi.

Mpongozi akuti, "Baba, handiti ndiko kukopa kwatinorambidza vana?" Ati kodi si kukopera komwe timaletsa ana kuja? Ndawauza kuti kukopera kwa agogo ako si kuba, n'cholowa. Apukusa mutu, apita kukaanula zovala. Mayi wa Chikaranga ameneyu, Mshona weniweni, ngwabwino mtima, koma izi sangazimve. Kwawo ndi ku Mberengwa, amapita pa kombi n'kubwerako tsiku lomwelo.

LACHIWIRI

Ndadzuka huta isanalire. Huta yake iti? Mgodi udatseka kalekale, koma m'mutu mwanga imalirabe faifi koloko. Ndasongola pensulo ndi mpeni. Bolopeni ndi ya anthu osaganiza kawiri.

Ndidachoka kwathu nthawi ya Chitaganya, ndevu zisanamere, pa lole ya anthu opita ku Halale. Ndidati zaka ziwiri, njinga ndi jekete, basi ndibwerera. Kenaka mkazi. Kenaka ana. Kenaka nkhondo, njira n'kutsekeka. Kenaka "chaka chamawa". Chaka chamawa chili ndi miyendo, mpaka lero sindidachipeze. Koma kuiwala ayi! Ndikatsinzina, kwathu kumabwera konse ngati ndachoka dzana.

Zimene zili kwathu:

Mtsinje wa Namphini. Madzi ake m'chisanu amaluma mano. Pali thanthwe lalikulu pomwe amayi amayanika mphale, pakati pake pali kadzenje ngati phazi la khanda. Amati adapondapo mwana wa mvula. Nkhanu zake zofiira, zopusa, ukapisa udzu ku una zimagwira zokha.

Mkuyu wa pa tchalitchi. Pa nthambi adapachika chidutswa cha njanji, ndiye belu lathu. Woliza anali wamfupi, ankachita kukwera pa mtondo wakutha. Nkhuyu zikapsa, mbuzi zinkalowa m'mapemphero.

Sitima. Ng'ombe yakuda, pamphumi poyera. Inkabwera yokha kukhola, nthawi osaphonya, ndiye dzinalo. Inkadana ndi anthu ovala nsapato.

Phiri loyera. Lopanda mtengo ndi umodzi womwe. Dzuwa likamalowa limafiira ngati chitsulo cha pa moto, ndipo akazi ankadziwira pamenepo kuti amuna ali pafupi kufika.

Ndalemba tsamba limodzi ndi theka osapuma. Dzanja likadali lomwe lija! Ndawerenga mokweza kawiri. Kachiwiri mawu andithera pa nkhanu paja. Fumbi la ku dampu limeneli limalowa m'maso.

Madzulo. Nambewe watumiza mawu. Lero ati awaphunzitsa kuti wolemba azilemba zimene mphuno yake ikudziwa, osati zongomva. Ulendo wa masiku awiri pa basi, malire awiri, kukamva zimenezo? Akadandifunsa ine pakhonde pano. Akutinso m'kalasimo muli mphunzitsi wa ku Dedza, mai Nankhoma, amene amuitana kuti adye nawo ndipo amugawira kachewere wokazinga. Zabwino kwambiri. Pakhale mboni Loweruka.

"Sekuru, zvasvika papi?" Akufunsa kuti masamba aja afika pati. Ndati zapsa, kwatsala kuphula.

LACHITATU

A Zuze abwera kudzasewera bawo. Zuze ndi mnzanga wa pansi pa mgodi, wa ku Angonia ku Mozambiki. Tidagwira shifiti imodzi zaka zambiri. Khutu limodzi adalisiya ku levulo seveni. Bawo amabera.

Ndati bawo idikire, umve kaye kulemba kwa anthu osapita kusukulu. Ndayamba ndi mtsinje. Kufika pa thanthwe, mkulu wavula chipewa. Kufika pa phazi la mwana wa mvula, milomo ikunjenjemera. Ndati mumtima, wagwidwa. Kufika pa nkhanu, waphulika kuseka mpaka kutsokomola.

"Wena! Mtsinje umenewo ndi wanga!"

Ati Namphini ali kwawo, kuseri kwa Ulongwe. Ati pa thanthwe limenelo ankayanika mphale ndi amake. Ati nkhanu idaluma iye, chala ichi, nachi chipsera.

Ndati chipseracho n'cha jekihama yobowolera miyala, ndidalipo. Ati cha jekihama chili pa dzanja lina ili. Ndati pakati pa Dedza ndi Angonia pali msewu wokha, mtsinje suyenda ndi pasipoti. Ati uyende usayende, sukwera phiri.

Wanyamuka osatsanzika. Ndimayesa wakwiya. Wabwera ndi chitini cha mabisiketi chadzimbiri. M'katimo muli makalata amene mng'ono wake adamubwezera amake atamwalira. Watulutsa imodzi. "Werenga, ine sinditha."

Dzanja langa. G wanga wa mchira wopindika, palibe wina kuno ku Midlands konse ankalemba G wotero. "Amayi, kodi Namphini adadzaza chaka chino? Phazi la mwana wa mvula likadalipo? Mundiperekere moni kwa nkhanu idandiluma ija."

Moni wa nkhanu ndidawonjezera ndine. Ndikukumbuka. Adaseka chomwechi tsiku limenelo, mano akadali onse.

Ndilembe pano mmene ndinkagwirira ntchito, anthu asati ndine wakuba. Munthu akabwera Lamulungu masana kuti ndimulembere, sindinkathamangira "ine ndili bwino". Ndinkati khala pansi, undiuze kaye za kwanu. Mtsinje wanu ndi uti, mtengo waukulu uli pati, galu dzina lake ndani. Chifukwa kalata yongoti "ndili bwino, kaya inu" amailandira n'kuti uyu watchona. Koma ukafunsa za thanthwe, za mbuzi yothyoka nyanga, amayi ako amadziwa kuti mtima ukadali pakhomo. Mayankho akabwera ndinkawerenganso ndine, mokweza, mwina katatu, mwini wake atagwira chibwano. Midzi yonse ya Nyasalandi ndi ya kwa Apwitikizi idadutsa m'kamwa muno.

A kwathu ine adandiyankha kawiri kokha. Kunalibe wolemba pafupi.

Ndadula mtsinje ndi mzere umodzi, mwaulemu. Bawo ndagonja katatu. Wabera konse.

Nambewe akuti lero awakhazika awiriawiri kuti azionetsana zimene alemba. Iye waonetsa mutu wokha ndi deti. Wauza mnzake kuti katundu akadali m'njira. Ndamuyankha kuti katundu wabwino sathamanga.

Koma kwathu kunali mtsinje ndithu. Nanga tinkamwa chiyani?

LACHINAYI

Palibe kanthu. Mudzi wopanda mtsinje ukadali mudzi. Mkuyu ulipo, Sitima alipo, phiri lilipo. Ndikulitsa zilembo, masamba awiri akwana.

Ndapita ku kiliniki kukayezetsa bipi. Pa mzere ndakumana ndi a Naphiri, mkazi wa malemu Laitoni wa ku Kasungu. Laitoni anali wa ku chigayo cha asibesito, chifuwa chidamutenga mgodi usanatseke. Mzere ndi wautali, kope lili m'thumba la jekete. Achita kundikakamiza kuti ndiwerenge. Chabwino, ndawafunsa ndine ngati akufuna kumva.

Ndawerenga za mkuyu. Kufika pa woliza belu wamfupi uja, a Naphiri akuti motsitsa, "Ankakwera pa mtondo."

Ndisanawerenge!

"Anali atsibweni awo a Laitoni amenewo. Pa mkuyu umenewo ndi pamene a Laitoni adandionera ine, ndikuthamangitsa mbuzi m'tchalitchi."

Ndati mikuyu ndi yambiri pa dziko. Avomera. Ndati njanji nazonso n'zambiri. Avomera. Kenaka akuti, "Werenganinso, achimwene. Chimwalirireni bambo aja palibe adanditchulirapo mtengo umenewo."

Ndawerenga katatu. Nesi waitana dzina langa, sindidamve, malo anga alowa ena. Pomaliza ndang'amba kagawo ka mkuyu n'kuwapatsa. Akapinda kanayi, akamanga pa nsonga ya chitenje. Ndikadatani? Mwini wake wapezeka.

Ponyamuka atembenuka. "Nanga Sitima muli nayenso? Ng'ombe ya a Chikafa a ku Mchinji ija? Ankatitopetsa nayo pa maliro paliponse."

Sindidatchule ng'ombe ine! Tsamba limenelo sindidalitsegule n'komwe!

Bipi yakwera. Nesi akufunsa ngati ndikudya mchere wambiri. Ndati ayi mwanangu, andilanda ng'ombe. Wandiyang'ana, walemba kanthu pa khadi.

Madzulo. Ndakhala ndikuwerenga pa zala anthu a chipinda chathu choyamba cha ku komponi, tisanapatsidwe nyumba za mabanja.
Laitoni, wolira mkonono.
Chikafa, wa ng'ombe.
Aliki wa ku Mangochi, wosoka nsapato, amene sankadya nafe nyama ya m'butchala.
Zuze.
Ine.

Mbaula imodzi, mabulangete a kampani onunkha palafini, galasi loonera losweka lomwe tinkameterana. Loweruka gule ku bwalo, ng'oma kumveka mpaka ku Mandava, a Chikaranga kumatisuzumira patali. Lamulungu lonse kukamba za kwathu, aliyense kukokera kwake, uyu ati chimanga cha kwathu chimatalika kuposa denga, uyu ati bodza. Ine ndinali wamng'ono pa onse. Ndinkangomvera, pensulo ili kukhutu. Tatsala awiri, winayo ndi wobera bawo.

Nambewe: "Sekuru, mangwana Chishanu." Ndikudziwa kuti mawa ndi Lachisanu. Masiku sadandilande.

LACHISANU

Latsala phiri. Phiri palibe angalimange pa chitenje.

Ndalitambasula tsamba lathunthu. Kuyera kwake, kufiira kwake, mmene mphepo ya mwezi uno imaulutsira utsi woyera pamwamba pake. Ndaitana mpongozi kuti ajambule. Aima pakhomo akupukuta manja, amvetsera mpaka kumapeto. Angoloza ndi mlomo pa zenera.

Dampu.

Lilibe mtengo. Limafiira madzulo. Akazi a m'komponi ankaliyang'ana kuti adziwe nthawi yotuluka shifiti. Malemu mkazi wanga ankatero, madzi osamba n'kuika pamoto.

Ndati phiri la kwathu ndi lina, amangofanana. "Hongu, baba." Hongu ameneyo, inde wa Chishona wongokuvomera, ndimamudziwa. Phiri limeneli tidalimanga ndife, ngolo ndi ngolo, kuchokera pansi pa nthaka. Ndalilemba bwino chifukwa ndi langadi. Yalakwika ndi adiresi.

Ndakoka sutikesi pansi pa bedi, ndifune makalata awiri a kwathu aja. Yoyamba inali yoti bambo atisiya. Yachiwiri yofunsa ngati yoyamba idafika. Chiswe chidawerenga kalekale, chidasiya sitampu yokha.

Masana ndapita kumsika. Kuli mayi wina wa ku Dedza, wa malonda odutsa malire, amabwera ndi mpunga ndi zitenje mwezi ndi mwezi. Ndamupatsa moni wonse, wa ana ndi ziweto zomwe. Akuti, "Iii agogo, Chichewa chanu ngati nyimbo za pa maliro!" Ndamufunsa za kwa Chidyaudzu. Wakwinya nkhope. "Kufupi ndi chiyani? Pothirira mafuta? Nsanja ya mafoni?" Ndati kufupi ndi zulu ziwiri za chiswe. Waseka mpaka kugwirira thumba la mpunga. "Agogo, Dedza yense ndi zulu zokhazokha." Wandininkha mpunga wodzaza dzanja, ati ndizikanunkhiza.

Pobwerera ndaganiza: ndingotumiza zonse, mtsinje, ng'ombe ndi dampu lomwe. Ku Zomba adziwa ndani? Koma muli mai Nankhoma aja. Akadzati "ku Dedza kulibe Namphini", mwana adzaima pati? Asekedwe kawiri sabata imodzi, kachiwiriko chifukwa cha ine? Ndiponso chiyambire sindidalembepo adiresi yabodza.

Ndatsinzina n'kuyamba kupeta, za eni zonse ziuluke. Zotsala m'lichero ndi izi:

Mayi anga anali Nangozo, anali ndi mphini zitatu patsaya.
Njira yotuluka m'mudzi imadutsa pakati pa zulu ziwiri.
Mmawa umene ndinkachoka kunkanunkha lupsa.
Mlongo wanga Malita adandinyamulira bulangete mpaka pa msewu, ndipo pobwerera sadacheuke.

Basi. Ubwana wanga wonse, mizere inayi. Ndapita kukafunsa Zuze ngati zulu ndi zake. Ati ayi. Malita? Ati sadamumvepo. Lupsa? Ati lupsa ndi la aliyense, koma ulitenge.

Mpongozi ajambula. Chithunzi chatuluka ndi chala chawo pakona. Ndatumiza ndi mawu: "Nambewe, ukulitse zilembo."

Wayankha mwachidule. "Zikomo, agogo." Agogo, osati sekuru. Kaya ndi ulemu, kaya ndi chisoni.

LOWERUKA

Magetsi apita. Foni yafa. Lero lomwe!

Mpongozi apita nayo kwa aneba a sola. Ndavala jekete ndi tayi, ndakhala pakhonde kuyang'ana kumene kuli Zomba. Zuze wafika, akuti Zomba sili uko, ili uku. Ndangotembenuza mpando, asanandilande ndi Zomba yemwe.

Naini koloko. Pano waimirira.
Teni koloko. Mizere inayi sitenga ola.
Leveni. Kapena wakomoka?

Masana foni yabwera ndi mawu a mphindi naini. Nambewe wajambula kuwerenga kwake konse. Kukumveka mipando, kutsokomola, wina kutseka chitseko.

Wayamba: "Kwathu ndi ku Makwasha."

Ndauza mpongozi aimitse. Ndamwa madzi. Ndati pitirizani.

Walemba za dampu, kuti ali mwana ankatsetserekapo pa chidutswa cha lata, amake n'kumukwapula. Za ana oitanidwa m'Chichewa n'kuyankha m'Chishona. Za manda athu, kumene pa mitanda adalemba Dedza, Kasungu, Angonia, Mchinji, ngati pokwerera mabasi. Kenaka za nkhalamba ziwiri zolimbirana mtsinje pa bawo. Za mkuyu womangidwa pa chitenje. Za ng'ombe ya ku kiliniki!

Wamuuza ndani? Mpongozi akuyang'ana kudenga ngati kukudontha. Kazitape m'nyumba mwanga momwe, sabata yonse!

Kalasi ikuseka. Ndatchera khutu, chifukwa kuseka kuli mitundu. Uku si kuseka munthu. Zuze naye akuseka, koma samva theka.

Kenaka wati, "Kwawo kwa agogo anga kwatsala mizere inayi. Ndiwerenga mmene alembera okha." Waiwerenga. Sadasinthe liwu. Pa Malita mawu amuthawa pang'ono.

Mawu a Chishona ndawawerenga pa zala, ndatha manja onse n'kuyambanso. Mayi wa magalasi ati awasiye momwemo, ndi fumbi la kwawo. Ine ndikadadula onse. Uja wa kumbuyo sadamveke, kaya adatuluka.

Chakudya chamasana ndakana. Chamadzulo ndadya, koma mosakondwa.

LAMULUNGU

Kutchalitchi ndapita, ndakhala kumbuyo. Nyimbo ndaimba ziwiri, yachitatu ndangotsegula pakamwa.

Ndagonja. Ndilembe ndekha wina asanandilembere. Mwana waima pamaso pa aphunzitsi a maiko anayi n'kunena kuti kwawo ndi kuntchito kwanga. Chiyambire dzulo ndikuyesa kukwiya, mkwiyo ukungofuka ngati nkhuni zaziwisi. Mchombo wake uli kuseri kwa nyumba ino, pansi pa mpichesi, adakwirira malemu mkazi wanga. Ndinene chiyani?

Masana foni. Mai Nankhoma apita kwawo Loweruka likubwerali, ati amutenga Nambewe akafunefune kwa Chidyaudzu. Dzinalo ati adalimvapo kwa anthu akale. Mwina mudzi udagawikana, mwina udasintha dzina. Nambewe akufunsa, "Agogo, ndikafunse ndani?"

Onse amene ndikuwadziwa maina ndi aakulu kwa ine. Malita yemwe.

Zuze akuti mwana akasuzumireko ndi kwawo, ati mpafupi. Ndati alembe yekha kalata.

Ndadina paja adandionetsa mpongozi, ndayankhula pang'onopang'ono:

"Nambewe, upite. Ugule shuga ndi sopo, usalowe m'mudzi manja lende. Ukafunse ana a Malita, mwana wa Nangozo, mlongo wake wa uja adapita ku Halale. Zulu ukapeza adazisalaza, usandiuze. Za Malita undiuze, zilizonse. Akakufunsa kwanu, unene zomwe wanena dzulo, sindikukuletsanso. Ndipo ukapeza nkhalamba yoti usanamalize moni yayamba kale kukutsutsa, usapitirire. Khala pansi. Wafika."

Kukhitchini mpongozi akuseka mpaka kugwetsa chivundikiro. Ine sindikuona choseketsa.